Galu Wachilendo Pakhomo: Za Magazi a Mchombo ndi Kufanana kwa Chibadwa

Mayi akachira pa chipatala cha Mitundu kapena ku Nathenje, mzamba amamanga mchombo malo awiri n'kudula pakati. Mwana amamugoneka pachifuwa pa mayi ake, ndipo maso a aliyense amakhala pa iyeyo. Chingwe chotsalacho pamodzi ndi nsengwa zimapita kotaya. Koma mmenemo mumakhala mutatsala magazi pang'ono, kawirikawiri osadzaza n'komwe kapu ya tiyi, ndipo magaziwo ndi a mwana, si a mayi. M'mayiko ena magazi amenewa sataya. Amawatungira m'kathumba, amawayeza, n'kuwasunga m'mathanki ozizira madigiri 196 pansi pa ziro, mmene angakhale zaka zoposa 20 ali abwinobwino.

Chimene amafuna m'magazimo ndi maselo ochepa amene amabereka maselo ena onse a m'magazi: ofiira onyamula mpweya, oyera amene ambirife timangoti asilikali a m'thupi, ndi tizidutswa toumitsa magazi munthu akavulala. Mwa munthu wamkulu maselo obereka anzawowa amakhala m'mafuta a m'mafupa. Mwa khanda longobadwa kumene ambiri amakhala akuyenderabe m'magazi, n'chifukwa chake amapezeka mu mchombo. Mafuta a m'mafupa akalakwika, kaya ndi khansa ya m'magazi, kaya angosiya kupanga magazi, kaya ndi matenda a sickle cell amene mwana amabadwa nawo, kuthira magazi kumangopepuza. Maselo ofiira amakhala miyezi inayi yokha, ndipo othiridwawo akatha vuto limabwerera pomwepo. Kuti munthu achiriretu pamafunika kuchotsa maselo obereka olakwikawo ndi mankhwala amphamvu, n'kuikamo a munthu wina. Kuikako sikufuna mpeni. Amalowa kudzera m'mtsempha ngati diripi, n'kukadzipezera okha malo m'mafupa.

Woyamba kuchira ndi magazi a mchombo anali mnyamata wa zaka 5 wa ku America, Matthew Farrow, amene anabadwa ndi matenda otchedwa Fanconi anaemia. Mlongo wake atabadwa, katswiri wina dzina lake Hal Broxmeyer anasunga magazi a mchombo wa khandalo, ndipo mu 1988 Dr Eliane Gluckman anamuthira mnyamatayo pa chipatala cha Saint-Louis ku Paris. Anachira, anakula. Koma zinatheka chifukwa madokotala anali atatsimikizira kale chinthu chimodzi, kuti chibadwa cha ana awiriwa chinali chofanana pa malo ena ofunika. Pagona nkhani yathu ndi pamenepa.

Aliyense amene anadikirirapo wodwala ku Kamuzu Central, kapena anaperekapo magazi galimoto ya Malawi Blood Transfusion Service itabwera pasukulu, amadziwa za gulu la magazi: A, B, AB, O. Magulu amenewa ndi ochepa, moti m'minibasi imodzi yochoka ku Mitundu kupita m'tauni simungalephere kupezamo anthu a gulu limodzi. Ambiri akamva za kuika maselo a m'mafupa amaganiza kuti kufanana kwake ndi komweko. Ayi. Gulu la magazi likhoza kusiyana koma zinthu n'kuyenda, ndipo chodabwitsa n'chakuti wodwalayo pakapita miyezi amasanduka wa gulu la amene anam'patsa. Chimene madokotala amachiyang'anitsitsa ndi zizindikiro zina zotchedwa HLA, zimene zili pa khungu la pafupifupi selo lililonse la m'thupi. Dokotala wa ku France, Jean Dausset, ndiye anapeza choyamba mu 1958, ndipo mu 1980 analandira nawo mphotho ya Nobel.

Kuti timve bwino ntchito ya HLA, tiganize za galu wapakhomo. Galu safunsa dzina, sayang'ana chiphaso. Amadziwa anthu a pakhomo pake ndi fungo. Mwini nyumba angabwere pakati pa usiku, mdima uli bii, galu amangogwedeza mchira. Mlendo angabwere masana atavala bwino, galu amauwa. Asilikali a m'thupi nawo amazindikira eni thupi ndi fungo lawo, ndipo fungolo ndilo HLA. Selo limene lili ndi zizindikiro zapakhomo amalisiya, limene lili ndi zachilendo amaliluma.

Tsono kuika maselo obereka magazi kumasiyana ndi kuika impso. Mukaika impso, mwabweretsa mlendo pakhomo pamene pali agalu, ndipo nkhawa ndi yakuti agaluwo amuluma mlendoyo. Mukaika maselo a magazi, chimene mwabweretsa ndi galu weniweniyo, chifukwa asilikali a m'thupi amabadwa kuchokera m'maselo omwewo. Ngozi zimakhala ziwiri. Agalu akale amene atsalako akhoza kuthamangitsa wachilendoyo, maselo atsopano osakhazikika, wodwala n'kubwerera ku matenda ake kapena kutsala wopanda magazi. Ngozi yachiwiri ndiyo yoopsa kwambiri: galu wachilendo akhazikika ndithu, koma fungo la eni nyumba sakulidziwa, ndiye ayamba kuluma iwowo. Madokotala amati GVHD. Khungu limatuluka zidzolo n'kusupuka, m'mimba mumatseguka osaleka, chiwindi chimawonongeka mpaka maso kuchita chikasu. Ena amakhala nalo vutoli zaka zambiri, ena limawapha.

N'chifukwa chake asanachite chilichonse amayamba ayerekeza fungo la nyumba ziwirizo. Pa wopereka wamkulu amayang'ana malo anayi, HLA-A, HLA-B, HLA-C ndi HLA-DRB1. Malo alionse tili ndi zizindikiro ziwiri, china cha kwa mayi china cha kwa bambo, zonse pamodzi 8. Akapeza 8 pa 8 mtima umakhala m'malo. Chikasiyana chimodzi chokha, ngozi imakwera moonekeratu.

Zizindikirozi sititengera chimodzichimodzi. Zimakhala moyandikana pa kromosomu ya nambala 6, ndipo zimabwera mtolo wathunthu: mtolo umodzi mwa iwiri ya mayi, umodzi mwa iwiri ya bambo. Choncho ana awiri a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi ali ndi mwayi umodzi pa inayi wofanana kotheratu, mwayi iwiri pa inayi wofanana theka, ndi umodzi pa inayi wosiyana kotheratu. Mayi ndi mwana wake amafanana theka basi, bambo chimodzimodzi.

Apa pali chinthu chimene chimavuta kuchilandira kwathu kuno. Kwa ife Achewa a ku Mitundu, ku Nathenje ndi midzi yozungulira phiri la Bunda, ubale weniweni ndi wa bere limodzi. Ana a mayi mmodzi ndi amodzi, ngakhale abambo awo akhale osiyana, ndipo palibe amene angayerekeze kuwasiyanitsa pamaso pa amalume. Ana a amayi aang'ono ndi achimwene ndi achemwali athu, osati achibale apatali. Umu ndi mmene mbumba imakhalira, ndipo ndi bwino. Koma HLA imawerenga mbali zonse ziwiri mofanana. Mchimwene wa bere limodzi koma wa bambo wina, kawirikawiri akafanana kwambiri ndiye theka. Msuweni, mwana wa amalume, mwayi wake ndi wochepa kuposa pamenepo. Banja likhoza kudzaza bwalo lonse, aliyense ali wokonzeka kupereka, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe woyenera. Ndikuona kuti dokotala amene akufotokozera banja la kuno nkhaniyi ayenera kuyamba ndi pamenepa, mofatsa, chifukwa zotsatira za kuyezako zingautse mafunso ena m'banja amene alibe chochita ndi matenda a mwana.

Nanga magazi a mchombo akusiyana pati? Asilikali amene ali mmenemo sanamenyepo nkhondo. Khanda lili m'mimba silinakumanepo ndi malungo, chimfine kapena chikuku. Ndi kagalu kongoyamba kuona. Mukatenga galu wamkulu wa kumudzi kwina n'kumumanga pakhomo panu, anazolowera kale fungo la kwawo, ndipo ana anu ali pangozi. Kagalu mukakatenga kakali kakang'ono kamakula kakununkhiza anthu a pakhomo panu, n'kuwatenga kuti ndiwo ake. Kuluma kamaluma ndithu nthawi zina, koma osati ngati wamkulu uja. Choncho pa magazi a mchombo madokotala anapeza kuti akhoza kulekerera kusiyana kumene pa wopereka wamkulu sakanakulola. Kwa zaka zambiri ankayang'ana malo atatu okha, A, B ndi DRB1, zizindikiro 6, ndipo 4 pa 6 inkakwanira. Masiku ano amayang'ananso C ndipo amayeza mozama kuposa kale, chifukwa zinaoneka kuti ngakhale pa kagalu, kufanana kukachuluka wodwala amapulumuka bwino. Komabe chitseko chake n'chotakasuka kusiyana ndi cha wopereka wamkulu.

Zimenezi n'zimene zinachititsa dokotala wina dzina lake Pablo Rubinstein kuyambitsa nkhokwe ya magazi a mchombo yothandiza aliyense ku New York Blood Center kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1993 Joanne Kurtzberg wa pa yunivesite ya Duke anathira mwana magazi a mchombo wa khanda losakhala m'bale wake, koyamba padziko lonse. Kuchokera nthawi imeneyo anthu oposa 40,000 alandira chithandizo chotere.

Koma kagalu kali ndi vuto lake, ndipo amene analerapo akulidziwa: kamatenga nthawi kuti kayambe kulondera. Agalu akale mwawachotsa, katsopano sikanakule, pakhomo pali pululu. Maselo a wopereka wamkulu amayamba kutulutsa asilikali pakatha masabata awiri kapena atatu. A mchombo amatenga atatu, anayi, nthawi zina kuposa, ndipo chitetezo chonse chimatenga miyezi yambiri kuti chikhwime. M'nyengo imeneyi kachilombo kamene munthu wabwinobwino sangakamve n'komwe kakhoza kupha. Wodwala amagona m'chipinda chayekha cha mpweya wosefedwa, akuthiridwa magazi ndi mankhwala pafupipafupi.

Vuto lina ndi kuchepa. Madokotala amafuna maselo osachepera 25 miliyoni pa kilogalamu iliyonse ya wodwala. Mwana wolemera makilogalamu 15 akufunika 375 miliyoni, ndipo mchombo umodzi umakwanitsa. Bambo wa makilogalamu 65 akufunika oposa 1.6 biliyoni, ndipo matumba ambiri safika pamenepo. Kagalu kamodzi sikangalondere mudzi wonse. Ku yunivesite ya Minnesota anayesa kuthira matumba awiri a makanda awiri osiyana mwa munthu mmodzi, ndipo zinatheka. Chochititsa chidwi n'chakuti pamapeto pake thumba limodzi ndilo limapambana, linalo n'kuzimirira. Mu 2023 boma la America linavomereza mankhwala otchedwa omidubicel, amene ndi maselo a mchombo ochulukitsidwa mu labotale asanathiridwe. Posankha thumba, dokotala amayeza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kufanana ndi kuchuluka, ndipo nthawi zina thumba lalikulu losiyana pang'ono limaposa laling'ono lofanana bwino.

Chimene chikundichititsa kulemba nkhani ya kutali chonchi ndi chakuti ikukhudza ife anthu akuda kuposa wina aliyense. Mitundu ya zizindikiro za HLA imene yapezeka padziko lonse ndi yoposa 30,000, ndipo anthu a mu Africa ndiwo osiyanasiyana kwambiri, popeza mtundu wa anthu unayambira kuno ndipo takhala nthawi yaitali tikusiyana. Pamene tili osiyanasiyana chonchi, m'makaundula a anthu ofuna kupereka, amene padziko lonse ali ndi maina oposa 40 miliyoni, ambiri ndi azungu. Kafukufuku amene anatuluka mu 2014 m'magazini ya New England Journal of Medicine anapeza kuti m'kaundula wa ku America, mzungu wochokera ku Ulaya anali ndi mwayi wa 75 pa 100 wopeza wopereka wa 8 pa 8, pamene munthu wakuda mwayi wake unali pakati pa 16 ndi 19 pa 100. Koma atawerengera magazi a mchombo a 4 pa 6, pafupifupi mwana aliyense, wa mtundu uliwonse, ankapeza thumba. Kwa munthu wa fungo losowa, kagalu ndiye chiyembekezo. Mayi wina wa ku New York wa makolo a mitundu yosiyana, amene anali ndi khansa ya m'magazi komanso HIV, analandira mu 2017 magazi a mchombo ofanana pang'ono chabe, okhala ndi chibadwa chimene HIV imalephera kulowamo, ndipo mu 2022 madokotala analengeza kuti kachilomboko sikakupezekanso atasiya mankhwala. Si njira yochizira HIV kwa anthu onse, n'njoopsa kwambiri kuti munthu aisinthanitse ndi ma ARV, koma zikusonyeza kutalika kwa kumene kulekerera kumeneku kungafike.

Tibwere tsopano kwa mayi wina wa ku Mitundu amene mwana wake amatupa manja ndi mapazi, amalira usiku wonse ndi ululu wa m'mafupa, maso achikasu, ndipo ku Kamuzu Central anamuuza kuti ndi sickle cell. Kodi magazi a mchombo angamuthandize? Yankho lili pawiri, ndipo sindifuna kulikometsa.

Akakhala magazi a m'bale wake wa mayi ndi bambo mmodzi, wofanana HLA, zotsatira n'zabwino kwambiri. Mu 2017 Eliane Gluckman yemwe uja ndi anzake anasonkhanitsa mbiri ya odwala sickle cell 1,000 amene analandira maselo kwa m'bale wofanana naye, ambiri a m'mafupa, ena a mchombo, ndipo oposa 90 pa 100 anali moyo ndiponso opanda matendawa patapita zaka zisanu. Koma m'baleyo ayenera kukhala wofanana komanso wosadwala. Makolo onse awiri akakhala onyamula chibadwa cha sickle cell, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa inayi wobala mwana wodwala. Mukaphatikiza ziwirizi, mwayi woti khanda lotsatira likhale lofanana ndiponso losadwala ndi 3 pa 16. Khanda longonyamula chibadwacho koma losadwala likhoza kupereka.

Akakhala magazi a khanda lachilendo, pa sickle cell zinthu sizinayende bwino. Pa kafukufuku wina ku America, mwa ana 8 amene analandira, 5 matupi awo anakana maselowo, ndipo mbali imeneyo ya kafukufuku inaimitsidwa. Chifukwa chake chikumveka. Mwana wa sickle cell agalu ake ndi amphamvu, sanafooketsedwe ndi mankhwala a khansa, ndipo kuthiridwa magazi kambirimbiri kwawaphunzitsa kuuwa fungo lililonse lachilendo. Kagalu kakang'ono sikalimba pamenepo. Palinso china. Pa khansa ya m'magazi, galu watsopano akamaluma pang'ono pali phindu, chifukwa amalumanso maselo a khansa amene anabisala, ndipo matenda sabwerera msanga. Pa sickle cell palibe wakuba woti alumidwe. Kuluma kulikonse kumagwera mwana wosalakwa.

Kuno ku Malawi chithandizo choika maselowa sichinayambe, ndipo nkhokwe ya magazi a mchombo tilibe. Anzathu ena ayambapo: ku Nigeria chipatala cha yunivesite ya Benin chinachiza wodwala sickle cell mwa njirayi mu 2011, ndipo ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba kuthandiza ana mu 2023, pogwiritsa ntchito maselo a abale awo. Ku South Africa kuli kaundula wa South African Bone Marrow Registry kuyambira 1991. Kwabweranso njira ina imene ikusintha zinthu: madokotala a ku Johns Hopkins anapeza kuti akapereka mankhwala a cyclophosphamide masiku ochepa maselo atathiridwa, asilikali olusa kwambiri amafa, ofatsa n'kutsala, moti mayi kapena bambo wofanana theka akhoza kupereka. Chifukwa cha njirayi kugwiritsa ntchito magazi a mchombo kwatsika ku Ulaya ndi ku America, ngakhale ku Japan akuwagwiritsabe ntchito kwambiri. Kwa dziko ngati lathu, kumene kusunga mathanki ozizira zaka ndi zaka kungadye ndalama zambiri, mwina njira ya kholo ndiyo idzayambe kufika.

Abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town amakumana ndi makampani amene amati lipirani tikusungireni magazi a mchombo wa mwana wanu, adzamuthandiza yekha akadzadwala. Pamafunika kumvetsa bwino asanatulutse ndalama. Mwana wobadwa ndi sickle cell, mchombo wake ulinso ndi sickle cell. Kumubwezera maselo akewo n'kumubwezera matenda omwewo. Pa khansa ya m'magazi ya ana, madokotala safuna maselo a mwini, chifukwa galu wapakhomo anazolowera kale fungo la khansayo ndipo sailuma. Kusunga kumakhala kwanzeru kwambiri pamene m'nyumba muli kale mwana wodwala ndipo mayi ali woyembekezera wina.

Ndipo tsiku limene Malawi adzaganize zotunga magazi amenewa, pali zinthu ziwiri zimene ndingapemphe kuti zisaiwalike. Mwini woyamba wa magaziwo ndi khandalo. Bungwe la World Health Organization limalangiza kudikira mphindi imodzi mpaka zitatu asanamange mchombo, kuti magazi ambiri alowe mwa mwana, ndipo m'dera limene ana ambiri amaperewera magazi, palibe nkhokwe imene iyenera kufulumizitsa dzanja la mzamba. Chinanso, mchombo ndi nsengwa si zinthu wamba kwa ife. Mayi satuluka m'chikuta mchombo usanagwe, ndipo kumene waikidwa amadziwa ndi akuluakulu okha. Tikukumbukanso mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Amene adzabwere ndi kathumba m'chipinda chochirira asanakhale pansi ndi mafumu, anamkungwi ndi azimayi eni ake, adzawononga ngakhale chikhulupiriro chimene amayi ali nacho pochirira kuchipatala.

Pakali pano, chimene chili m'manja mwa mayi uja ndi ichi: azing'ono a mwanayo ayezedwe akangobadwa, osadikira kuti ayambe kutupa. Mwana wa sickle cell amene akumwa penisilini tsiku ndi tsiku ali wamng'ono, walandira katemera yense, akugona m'neti, akumwa madzi okwanira, ndipo akulandira hydroxyurea ku kiliniki ya ku Kamuzu Central, ululu umamugwira mwa apo ndi apo ndipo safuna kuthiridwa magazi kawirikawiri. Kuchepa kwa magazi othiridwa kuli ndi phindu linanso: thupi lake silikhala litaphunzira kukana HLA ya anthu ambiri, ndipo mwayi woika maselo ukadzapezeka, kaya ku Dodoma, ku India kapena ku Lilongwe konkuno, adzakhala wosavuta kumupezera womupatsa.